Tsiku lotuluka m'chipatala ndi pamene ntchito yochira imayamba

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhe maganizo amene ndakhala ndikuwamva kawirikawiri, onena kuti munthu amene wakodwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo sachira, kotero kuti chuma ndi nthawi zimene mabanja amataya pomutumiza kumalo othandizira anthu otere zimangolowa m'madzi. Amene amalankhula chonchi nthawi zambiri sanena zopeka. Amakhala kuti anaona ndi maso awo wachibale atapita kukalandira thandizo, n'kubwerako thupi litabwerera, nkhope ikuwala, koma patangopita miyezi iwiri kapena itatu n'kupezekanso ali m'matope omwe aja. Inenso ndinaona zimenezi mwa mng'ono wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi, ndipo kwa nthawi ndithu ndinali mmodzi wa oimba nyimbo yomweyi. Ndikulemba lero chifukwa ndinadzazindikira, mochedwa ndithu, kuti vuto lalikulu linali mmene ife abale tinkalimvera thandizolo. Tinkayesa kuti munthu akatuluka pachipata cha chipatala ndiye kuti nkhani yatha, osadziwa kuti mbali yovutitsitsa ya ulendo imakhala isanayambe n'komwe.

Sinditchula dzina lake, pakuti mbiri imeneyi ndi yake, ndipo wangondilola kunena zimene zingathandize ena. Ndi kalipentala, ndipo aliyense amene anakhalapo pampando wopangidwa ndi iye amadziwa kuti manja ake ndi odala. Mowa anauyamba ali mnyamata, ndipo kwa zaka zingapo tinkangoti n'chinyamata, adzasiya yekha. Kenaka anavulala msana atagwa pamakwerero, napatsidwa mapiritsi opha ululu a m'gulu limene madokotala amalitcha opioid, gulu limene mulinso codeine, tramadol, morphine ndi heroin. Ululu wa msana unatha, koma mapiritsi sanawasiye. Anayamba kuwasaka m'njira zodziwa yekha, akumamezera mowa. Ine ndinadzidzimuka tsiku lina nditanyamula bokosi lake la zipangizo kuti ndilichotse pakhomo, n'kupeza kuti lapepuka ngati la mwana. Nditatsegula ndinapezamo nyundo imodzi, tepi yoyezera ndi misomali yopindika. Sowo ndi zina zonse zimene anazisonkhanitsa pa zaka 10 anali atagulitsa chimodzichimodzi, ndipo mmisiri akafika pogulitsa chipangizo chimene amadyera, ndiye kuti zafika poipa.

Usiku umenewo ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Iye anangoti zyoli, ndipo nditatopa anati, "Achimwene, inu mukuyesa kuti ndikusangalala. Kusangalala kunatha kalekale. Pano ndimamwa kuti ndingotha kudzuka." Mawu amenewa ndinawayesa ochenjera a munthu wofuna kumveredwa chisoni, ndipo panapita chaka ndisanamvetse kuti ankanena chilungamo. Mu ubongo wa munthu muli njira imene imamuuza kuti chinthu chakuti n'chofunika, achichitenso, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa ndi timadzi totchedwa dopamine. Timadziti timatuluka munthu akapeza chakudya ali ndi njala, akanyamula mwana wake, kapena akamaliza ntchito imene yamukomera. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo amatitulutsa mochuluka kuposa mmene chinthu chilichonse cha masiku onse chingachitire, ndipo ubongo, pofuna kudziteteza, umayamba kugontha. Ukagontha chomwecho, mlingo wa dzulo sukwaniranso lero, komanso zinthu zimene kale zinkamukoma munthuyo zimasukuluka. Pa nthawi yomweyo mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi, yomwe imathandiza munthu kuyeza zinthu ndi kudziletsa, imafooka. Chimene chimatsala ndi chibaba, chilakolako chimene chimamukoka munthu ngakhale iye mwini atanyansidwa kale ndi chinthucho.

Pofotokoza izi sindikuchotsera munthu aliyense mlandu. Mng'ono wanga anaba, ananama, analiza amayi athu, ndipo zonsezi anayenera kuziyankha. Koma akatswiri amene afufuza mapasa ndi ana oleredwa ndi makolo ena apeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo chokodwa ndi zinthuzi munthu amabadwa nacho, ndipo n'chifukwa chake anyamata awiri akhoza kuyamba kumwa tsiku limodzi, wina n'kudzasiya mosavuta, wina n'kumira. Bungwe la madokotala la American Medical Association linavomereza kale mu 1956 kuti uchidakwa ndi matenda. Munthu wa matenda a shuga sitimunyoza chifukwa chodwala, koma timayembekeza kuti amwe mankhwala ake ndi kutsatira malangizo, ndipo muyeso womwewo ndi umene ndikupempha kuti tiziyezera anthu awa.

Cholakwa choyamba chimene tinachita monga banja chikanatha kumupha, ndipo ndikuchinena poyera kuti wina asachibwereze. Tinagwirizana zomutsekera m'chipinda kwa sabata imodzi kuti poizoni yense atuluke m'thupi. Tsiku loyamba anayamba kunjenjemera manja, thukuta lili kamukamu, kapu ya madzi osatha kuifikitsa pakamwa. Tsiku lachiwiri anasanza ndipo sanagone. Usiku wa tsiku lachitatu anayamba kukuwa kuti pakhoma pakuyenda tizilombo ndipo tikumukwera m'miyendo, akudzikanda mpaka magazi, ndipo amayi, amene anali atakhala pansi atatsamira chitseko usiku wonse, ndi amene anandigwira mkono nati, "Mwanawe, tsegula, mwana wanga akufa." Tili m'njira yopita kuchipatala anakomoka n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Dokotala amene anatilandira anatiuza mosabisa kuti munthu amene thupi lake lazolowera mowa wambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwidwa ndi vuto lotchedwa delirium tremens, limene limabwera patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo limapha ngati palibe thandizo. Kuchipatala amamupatsa mankhwala okhazika mitsempha pansi monga diazepam, n'kumachepetsa mlingo pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kusiya mapiritsi a opioid kumazunzanso kwambiri, ndi kuphwanya kwa mafupa, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo, ngakhale kuti pakokha sikupha kawirikawiri ngati kusiya mowa. Chitseko ndi loko si chipatala, ndipo aliyense amene akufuna kusiyitsa wachibale wake ayambe wakaonana ndi azaumoyo.

Atachira ku zimenezi anavomera kupita kumalo ena othandizira anthu otere, ogonera komweko, kumene anakhalako masabata 6. Tsiku lomutenga tinali ndi chimwemwe chosaneneka. Anali atameta, zovala zikumukhala, akuseka ngati kale, ndipo ine mumtima ndinati ntchito yanga ndagwira. Mlangizi wa kumeneko anandiitanira pambali kuti andifotokozere za misonkhano ya sabata ndi sabata ndiponso za kubwera kwa banja lonse kamodzi pamwezi, koma ndinkangogwedeza mutu maso ali pagalimoto. Ndinkaona ngati akutalikitsa nkhani imene yatha. Mawu amodzi okha ndi amene ananditsalira, ndipo ndinawakumbukira patapita miyezi: anati kutsuka thupi kumatenga masiku, koma kuphunzitsa munthu kukhala popanda chinthu chimene chinali bwenzi lake, mankhwala ake ndi pothawira pake kumatenga zaka.

M'mawa wa tsiku lachitatu ali kunyumba ndinamupeza atakhala pamphepete pa bedi, atavala nsapato, manja ali m'maondo. Anandiyang'ana nati, "Achimwene, ndiye ndizichita chiyani tsiku lonseli?" Ndinaseka n'kumuuza kuti apume. Lero ndikaliganizira funso limenelo ndimaona kuti ndilo linali funso lalikulu pa nkhani yonseyi, ndipo ndinaliphonya. Munthu amene wakhala zaka akudzuka ndi cholinga chimodzi, chopeza ndalama, kupeza mankhwala, kumwa ndi kubisala, akasiya amatsala ndi maola ambirimbiri opanda kanthu. Anzake onse ndi a kumowa. Zipangizo anagulitsa, makasitomala anathawa, ngongole zili mbwee, ndipo aliyense pakhomo akumuyang'ana ndi diso la mlonda, zikwama zikubisidwa iye akalowa. Ubongo wake nawo sunabwerere mwakale, kotero kuti kwa miyezi ingapo palibe chimene chimamukoma, tulo ndi tovuta, mtima ndi wapachala. Pamenepo msewu uliwonse umene ankadutsa, nyimbo imene inkaimbidwa kumalo omwera, ngakhale fungo chabe, zimadzutsa chibaba ngati moto wa pansi pa phulusa.

Pali kafukufuku wina wakale amene amaonetsa bwino mphamvu ya malo ndi anthu omuzungulira munthu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, asilikali ambiri a dziko la America anayamba heroin, ndipo mu 1971 boma lawo linachita mantha kuti abwerera kwawo ali akapolo a mankhwalawa. Katswiri wina, mayi Lee Robins, anawatsatira asilikaliwo atabwerera, ndipo anapeza kuti ngakhale pafupifupi mmodzi mwa asilikali 5 alionse ananena kuti anakodwa ali kunkhondo, mwa okodwawo ndi pafupifupi 5 okha pa 100 alionse amene anakodwanso m'chaka choyamba ali kwawo. Anali atachoka pamalo a mantha, kumene mankhwala ankapezeka paliponse, n'kubwerera kumene kunali mabanja, ntchito ndi sukulu. Anthu athu ambiri zimawachitikira mosiyana: timawachotsa kwa kanthawi n'kuwabwezera pamalo penipeni pamene anadwalira, pakati pa anzawo omwe aja ndi mavuto omwe aja, kenaka n'kumadabwa. Si banja lililonse lingathe kusamutsa munthu, ndikudziwa, koma pali zambiri zimene zingasinthidwe osasamuka, monga nambala ya foni, njira yopitira kuntchito, munthu wosunga ndalama, ndi chochita chodikira munthuyo m'mawa uliwonse.

Mng'ono wanga anagwanso m'mwezi wachisanu. Sindinamulankhule kwa masabata atatu, ndipo ndinauza aliyense wofuna kumva kuti malo aja anangotidyera ndalama. Amene anandibweza anali mlangizi yemwe uja, amene ndinamuimbira foni n'cholinga chomudzudzula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa kuti pa miyezi isanuyo mng'ono wanga anapita kumisonkhano kangati, ndipo ife abale tinapitako kangati. Ndinasowa poyika nkhope, chifukwa yankho linali lakuti iye anapitako kawiri, ife sitinapiteko n'kamodzi komwe. Kafukufuku amene Thomas McLellan ndi anzake anafalitsa m'chaka cha 2000 m'magazini ya madokotala ya JAMA anaonetsa kuti mwa anthu 100 amene alandira thandizo losiyira mowa kapena mankhwala, pakati pa 40 ndi 60 amayambiranso, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwenikweni ndi cha odwala mphumu kapena kuthamanga kwa magazi amene matenda awo amabukanso. Wodwala mphumu akabanikanso sitinena kuti chipatala n'chabodza. Timamubwezera kwa dokotala kuti akaone chimene chasokonekera. Ndiponso kugwa sikuyamba tsiku lomwa. Kumayamba masabata angapo m'mbuyo, pamene munthu wasiya kugona bwino, wayamba kudzipatula, akupsa mtima pa zinthu zazing'ono, akujomba kumisonkhano, ndipo wayamba kunena kuti botolo limodzi lokha silingamuchite kanthu. Zonsezi ndinaziona, koma sindinadziwe kuti ndikuona chiyani.

Apa pali chenjezo limene ndikufuna kuti lifike m'khutu la banja lililonse limene lili ndi munthu wa heroin kapena mapiritsi a m'gulu lomwelo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata oyambirira munthu atangotuluka m'chipatala kapena m'ndende. Thupi limakhala litaiwala mlingo umene linazolowera, koma mutu umaukumbukira, ndipo munthu akamwa mlingo wakale uja mpweya umatha kuima ali mtulo. Kafukufuku amene anachitika m'chigawo cha Washington ku America, n'kufalitsidwa mu 2007, anapeza kuti m'masabata awiri oyamba atatuluka m'ndende, akaidi akale anali pa chiopsezo chofa ndi mankhwala opyola muyeso chochuluka maulendo 129 kuyerekeza ndi anthu ena onse. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza munthu wotere m'mphindi zochepa akapatsidwa msanga, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti anthu amene angathe kukhala pafupi ngozi yotere ikamachitika, kuphatikizapo abale, azikhala nawo ndi kudziwa kagwiritsidwe kake. Munthu amene sakudzuka ngakhale mumugwedeze, akupuma mwapatalipatali kapena akuliza mkonono wachilendo, milomo itasintha mtundu, sali mtulo ta kuledzera toti n'kumusiya agone.

Ulendo wachiwiri tinachita zinthu mosiyana, ndipo chimodzi mwa zimene ndinalimbana nazo mumtima chinali nkhani ya mankhwala othandiza kusiya mankhwala. Ndinkati kumupatsa munthu methadone kapena buprenorphine n'kungomuchotsa m'dzenje lina n'kumuponya m'dzenje linzake, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amaganiza chomwecho. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Mankhwalawa amaperekedwa ndi dokotala pa mlingo woyezedwa, amagwira ntchito pang'onopang'ono tsiku lonse, amaletsa kudwala ndi chibaba popanda kumuledzeretsa munthu, kotero kuti akhoza kudzuka, kugwira ntchito ndi kulera ana. Njira ya methadone anaiyambitsa madokotala awiri, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, mumzinda wa New York m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2005 bungwe la WHO linaika methadone ndi buprenorphine pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Anthu amene ali pa mankhwalawa amafa ochepa kwambiri, pafupifupi theka poyerekeza ndi amene sali pa thandizo. Kwa a mowa kuli naltrexone ndi acamprosate, ochepetsa chibaba, komanso disulfiram, amene amadwalitsa munthu akalawa mowa. Kwa a chamba ndi cocaine kulibe mankhwala ovomerezeka a mtundu umenewu, ndipo thandizo lawo lagona pa uphungu ndi kusintha kakhalidwe. Dokotala amene anamuona ulendo wachiwiriwu anapezanso chinthu chimene tonse sitinachiganizire, chakuti mng'ono wanga anali ndi matenda a nkhawa kuyambira ali wamng'ono, ndipo mowa unali mankhwala amene anadzilembera yekha. Kusiyitsa munthu mowa osachiza chimene ankathawa kuli ngati kupopa madzi m'bwato osatseka chiboo.

Chimene chinamugwira dzanja kwambiri, komabe, anali anthu anzake amene anadutsa m'moto womwewo. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, pamene amuna awiri amene mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anazindikira kuti chidakwa chimapeza mphamvu yosamwa lero chikamathandiza chidakwa chinzake. Gulu la Narcotics Anonymous, la anthu a mankhwala ena, linatsatira mu 1953 ku California. Salipiritsa, safunsa dzina la bambo, ndipo salonjezana za moyo wonse. Amangoti lero lokha sindimwa, za mawa tidzaziona mawa. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zachipatala, linapeza kuti njira yolumikiza anthu ku magulu amenewa imathandiza kusiyiratu mowa mofanana, ndipo mwina kuposa, njira zina zodziwika za uphungu. Sindikunena kuti maguluwa amakomera aliyense, pakuti ena sagwirizana ndi kalankhulidwe kake ndipo amachira m'njira zina. Koma ndinaona ndi maso anga chinthu chimene ine ndi chikondi changa chonse sindikanatha kuchita. Usiku wina cha m'ma 2 koloko ndinamva mng'ono wanga akulankhula pafoni pakhonde, mawu akunjenjemera, akuuza mkulu wina wa m'gulu lawo kuti wavala kale nsapato ndipo akufuna kutuluka. Analankhulana kwa ola lathunthu, kenaka ndinamva chitseko chikutsekedwa ndi nsapato zikugwa pansi. Akanandiuza ine ndikanayamba ulaliki, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Ifenso abale tinali ndi matenda athu ofunika kuchiza. Kwa zaka zambiri tinkamubwezera ngongole, kumunamizira kwa makasitomala kuti wadwala, ndi kuwombola katundu amene wapinyolitsa, tikumati ndi chikondi, pamene kwenikweni tinkabisa manyazi athu ndi kumuchotsera munthuyo ululu umene ukanamudzutsa. Kenaka tikatopa tinkalumphira mbali ina, ya kutukwana ndi kupirikitsa. Pakati pa ziwirizi pali njira imene tinachita kuphunzitsidwa. Tinaleka kumupatsa ndalama m'manja, koma ulendo wopita kwa dokotala kapena kumsonkhano tinkaulipira. Tinaleka kukangana naye ataledzera, koma tsiku limene ali bwino tinkakhala naye ndi kumuuza kuti tikuona. Lois Wilson, mkazi wa Bill Wilson uja, anathandiza kukhazikitsa gulu la Al-Anon mu 1951 chifukwa anadziwa kuti akazi, amuna, makolo ndi ana a zidakwa nawonso amavulala. Amayi athu anatenga nthawi yaitali kuti avomere kuti sanali iwo amene anachititsa, ndipo mapemphero awo, amene sanawasiye tsiku ndi limodzi lomwe, anayenda limodzi ndi mankhwala ndi uphungu popanda china kulanda malo a chinzake.

Ndiyenera kuchenjezanso kuti si malo onse olembedwa kuti amathandiza anthu otere amene ndi oyenera. Alipo amene amamanga odwala ndi maunyolo, kuwamenya, kuwamana chakudya ndi kuwagwiritsa ntchito yakalavulagaga, n'kumati ndiko kuchiza. Mu 2012 mabungwe 12 a United Nations anatulutsa chikalata chimodzi chopempha maiko kuti atseke malo osungirako anthu a mankhwala mokakamiza, ponena kuti palibe umboni woti amachiritsa. Banja lisanapereke munthu wake lifunse ngati pamalopo pali dokotala kapena namwino wodziwa za kusiya mowa ndi mankhwala, ngati abale amaloledwa kudzaona wodwala, ndiponso, koposa zonse, kuti pali dongosolo lotani munthuyo akatuluka. Malo amene akulonjeza kuti m'masiku 30 munthu achira kotheratu ndipo sadzafunanso thandizo ndi ofunika kuwakayikira. Bungwe la NIDA la ku America, limene limafufuza za mankhwalawa, lakhala likunena kuti thandizo losakwana masiku 90 phindu lake limakhala lochepa, ndipo masikuwa sayenera kukhala onse ogonera, pakuti ambiri amathandizidwa bwino akuchokera kunyumba.

Kwa amene amati yankho ndi ndende, ndingowakumbutsa za dziko la Portugal, limene mu 2001 linasintha lamulo kuti munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito yekha asatengedwe ngati chigawenga, koma akaonekere pamaso pa kabungwe kamene kangathe kumulozera kuchipatala. Ogulitsa anapitiriza kumangidwa. Dzikolo linaikanso chuma chambiri pa chithandizo, ndipo chiwerengero cha anthu otenga kachilombo ka HIV kudzera m'majakisoni obwerekana chinatsika kwambiri. Vuto lenileni padziko lonse ndi kuchepa kwa thandizo. Lipoti la 2024 la UNODC, nthambi ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda, linati mu 2022 anthu 292 miliyoni anagwiritsapo ntchito mankhwalawa, ndipo mwa anthu 64 miliyoni amene anali atadwala nawo, mmodzi yekha mwa 11 alionse ndiye ankalandira thandizo. Kwa amayi zinali zoipirapo, mmodzi mwa 18 alionse, ndipo sindidabwa, chifukwa mwamuna akamwa anthu amaseka, koma mkazi akamwa amamulavulira, ndipo iye amabisala poopa kulandidwa ana. Tisanagamule kuti thandizo siligwira ntchito, tiyambe tavomereza kuti ochuluka sanalilawe n'komwe.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Chaka chilichonse pa 26 June, tsiku limene United Nations inalipatula mu 1987 kuti dziko lonse lizikumbukira za vuto la mankhwalawa, nyuzipepala zimadzaza ndi zithunzi za matumba ogwidwa ndi achinyamata ogona m'ngalande. Zithunzi zimenezo n'zoona, koma munthu amene akulimbana ndi chibaba akaziona amangotsimikiza kuti mathero ake ndi omwewo, ndipo kholo lake limabisa nkhani m'nyumba mpaka zitafika posauzana. Anthu amene anachira alipo ambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti saoneka, chifukwa munthu amene wakhala zaka 10 osamwa amangooneka ngati mphunzitsi, dalaivala kapena namwino wamba. Atumeni atolankhani anu akafune anthu otere amene angalole kulankhula, mayina awo atabisidwa ngati afuna, afotokoze kuti chaka choyamba chinali chotani, anagwa kangati, ndipo anawadzutsa ndani. Muzisindikizanso nthawi ndi nthawi kumene munthu angapeze thandizo, ndipo olemba anu asamale mawu monga akuti wamisala kapena wotayika, amene amatseka pakamwa munthu amene anatsala pang'ono kupempha thandizo.

Mng'ono wanga tsopano watha zaka zinayi osalawa mowa kapena mapiritsi aja, kuwerengera kuchokera pa kugwa kwake kwachiwiri, pakuti anagwanso kamodzi, kwa masiku atatu, ndipo ulendo umenewo anabwera yekha kudzandiuza. Iye sanena kuti anachira. Amati akuchira, ndipo Lachinayi lililonse madzulo amapitabe kumsonkhano, kumene tsopano ndi iye amene amaimbiridwa foni usiku. Sindinganame kuti mantha anandithera. Akachedwa kuyankha foni mtima umagundabe, ndipo pali ngongole ina imene akubwezabe mpaka lero. Chinthu choyamba chimene anagula ndi ndalama za ganyu atayambanso kugwira ntchito chinali sowo, ndipo mwezi wathawu, pamene ankasamukira m'shedi yakeyake, anandipempha kuti ndimuthandize kukweza bokosi lija m'galimoto. Tinachita kulinyamula awiri.

Ine wanu,
Mkulu wake wa munthu amene akuchira